Pamene Chingwe Chinazuka

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula a Mawailesi, ngakhale kuti panali patapita zaka munthu asanawabweretsere wailesi yoti akonze. Kachipinda kawo kogwiriramo ntchito kanali kumaso kwa nyumba, chitseko chake choyang'ana kumsewu. M'katimo munali mawailesi akufa osanjikizana mpaka kudenga, ena opanda zivundikiro, ena matumbo ali panja. Eni ake anasiya kubwera kudzawatenga. Anagula mafoni, n'kuiwala. Mkuluyo ankati foni ndi mbava yovala bwino. Inayamba yaba wailesi, kenako wotchi, kenako kamera, ndipo tsopano ikuba ana a eni, makolo awo akuona.

Pansi pa tebulo panali makatoni a makaseti. Pa unyamata wawo a Mawailesi ankajambula chilichonse chotuluka mawu: maukwati a anzawo, mpira wa pa wailesi, ulaliki, ngakhale kulira kwa mwana wawo woyamba tsiku lomwe anabwera naye kuchokera kuchipatala. Koma m'makatoni onsewo munalibe mawu a akazi awo. Amene amakhala pafupi ndi mpope sasunga madzi m'ndowa. Mawu amenewo ankawamva tsiku ndi tsiku akuchokera kukhitchini, nanga akanawajambula kuti atani nawo? Komanso mayiwo sankafuna. Akaona maikolofoni ankabisa pakamwa ndi nsalu, amvekere, "Mawu anga ndi oitanira anthu ku chakudya, si osunga m'katoni."

Matenda atawakulira mayiwo, mwana wawo wamkazi anabwera kudzawatenga kupita nawo kumzinda wina, komwe ankakhala pafupi ndi chipatala chachikulu. A Mawailesi anakana kupita nawo. Anati akangochoka, anthu athyola kachipinda kaja. Palibe anawafunsa kuti mbava yake iti ingasenze mawailesi akufa.

Anatsala pakhomo ndi mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna. Mwanayo anali dalaivala wa malole odutsa malire, ndipo pakhomo ankangooneka mwa apo ndi apo ngati mlendo. Mpongoziyo ndiye ankaphika, kuchapa, ndi kuwakumbutsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Akatha zimenezo ankalowa m'chipinda chake, momwe anakhomerera bulangete kukhoma kuti mawu asamabwerere, n'kutsegula laputopu. Ntchito yake inali yopanga mavidiyo ophunzitsa anthu kugwiritsa ntchito kompyuta. Ankadina batani lofiira, ndipo chilichonse chochitika pa sikirini chinkajambulidwa pamodzi ndi mawu ake: "Dinani apa. Mwaona? Kenako apa." Akamaliza ankatsegula pulogalamu ina yodulira ndi kulumikizira.

Tsiku lina a Mawailesi anaima pakhomo la chipindacho, n'kuona ndi maso awo mpongozi akudula chifuwa chake. Anali atatsokomola pakati pa chiganizo. Anangokoka kamzere, n'kudina, chifuwa chija psiti, ndipo mawu a uku ndi uku anakumana popanda msoko. Mkuluyo anabwerera chamsana. Kuyambira tsiku limenelo sanamukhulupirirenso. Ankati munthu wotha kudula chifuwa chake angathe kudula mawu ako, n'kuwasokerera pena, mawa lino n'kumva iwe mwini ukunena zomwe sunanene.

Loweruka lina m'mawa mwana wamkazi uja anaimba foni. Anati mayi adzukako bwino, akufuna aone bambo pa vidiyo, ndiye agwiritse ntchito laputopu chifukwa sikirini yake ndi yaikulu. Kenako anatsitsa mawu.

"Mujambule, mlamu. Mayi asadziwe, mukudziwa mmene amachitira. Adokotala sakundiyang'ananso m'maso."

Mpongozi anaika laputopu pa tebulo la pabalaza, n'kuwakonzera apongozi ake mpando.

"Bambo, akangoonekera pa sikirini mundiitane. Pali kabokosi koti ndichonge kuti mawu a mbali zonse alowe."

"Batani lofiira ndaliona."

"Si batani lokha, bambo. Kabokosiko..."

"Apongozi, ine ndinayamba kujambula mawu inu musanamere mano. Pitani mukaone za kukhitchini."

Mtsikanayo anatuluka. A Mawailesi anatseka chitseko, n'kupita kukatenga mahedifoni awo akale, akuluakulu, achikopa chong'aluka. Anasomeka chingwe chake m'mbali mwa laputopu. Sanafune kuti zokamba za iwo ndi akazi awo zimveke kuseri kwa chitseko. Nkhope ya mayi itatulukira, anadina batani lofiira okha, n'kudziyamikira mumtima kuti ukalamba si uchitsiru.

Mlungu wotsatira usanathe, mayiwo anamwalira.

Maliro atatha, mipando yobwereka itabwezedwa, achibale atamwazikana ndi zomwe aliyense anakwanitsa kunyamula, a Mawailesi anauza mpongozi kuti awaikire vidiyo ija pa fulashi.

"Ndiione kaye ngati inajambulika bwino?"

"Musatsegule. Muli za akuluakulu."

Anadikira mpaka mtsikanayo atapita kumsika, n'kusomeka fulashiyo kumbuyo kwa TV. Nkhope ya akazi awo inadzaza sikirini, mpango wobiriwira kumutu, masaya atalowa m'kati, koma maso ali omwe aja. Pakona panali kawindo kakang'ono momwe munali iwo eni, mahedifoni ali kumutu ngati woyendetsa ndege. Milomo ya mayi inayamba kuyenda. Sipanatuluke kanthu. Anakweza voliyumu mpaka kumapeto. Kenako chipinda chonse chinagwedezeka ndi mawu a munthu mmodzi.

Anali mawu awo. Ankadandaula za denga lodontha. Ankadandaula za mapiritsi, kuti a masiku ano ndi choko chokhachokha. Ankadandaula za mwana wawo, kuti lole yamulanda nzeru. Milomo ya mayi inkatseguka kuti iyankhe, koma mawu a mkulu uja ankaigwera pamwamba, ndipo inkatsekekanso. Kenako anafika pa mpongozi. Anati amathira mchere ngati akufuna kuwapha. Anati amalankhula yekha m'chipinda ngati wobwebweta. Anati zaka zonsezi pakhomo pano sipanamveke kulira kwa khanda, mwana wawo anatola chitsa chouma, chongodziwa kudina mabatani.

Pamenepo mayi pa sikirini anatsinzina, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.

A Mawailesi anazimitsa TV. Vidiyo inali isanafike n'komwe pakati. Anakhala pomwepo kwa nthawi, kuyesa kukumbukira zomwe akazi awo anawauza tsiku lija. M'makutu mwawo munali mutalowa mawuwo, mahedifoni sananame. Koma anapeza zidutswa zokhazokha. Ankakumbukira kuti mayi anati kenakake ka mawindo, kapena ka makiyi. Zinazo anazipondereza okha ndi pakamwa pawo.

Madzulo ake, mpongozi atabweretsa tiyi, anamuyang'ana ndi diso la kumbali.

"Apongozi, mawu a mayi mwawaika kuti?"

"Mawu ati, bambo?"

"Musandiyese mwana. Chifuwa chanu chija munachiika kuti? Kumene munaika chifuwacho n'kumene mwaika mawu a akazi anga."

Mtsikanayo anatsitsa thireyi pang'onopang'ono.

"Sindinatsegule, monga munanenera. Kabokosi kaja munachonga?"

Mkuluyo anakankhira kapu ya tiyi pambali.

"Munamvera pa sipika kapena munavala mahedifoni?"

"Zimenezo zikukhudzana bwanji?"

"Popanda kabokosi kaja, kompyuta imajambula zokhazo zomwe maikolofoni akumva m'chipinda. Mawu a mayi akanakhala kuti amatulukira pa sipika, akanalowako ndithu. Koma ngati ankathera m'makutu mwanu..." Anasiya pomwepo. "Ndiloleni ndiione, bambo. Mwina pali poti n'kutola."

"Ayi."

Anaika fulashiyo m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

Anaimbira mwana wawo wamkazi kumufunsa ngati anali ndi mawu a mayi ake penapake. Iye anati ali ndi zithunzi zokha. Mayi akaona foni yaloza kwa iwo ankatseka pakamwa, n'chifukwa chake anadalira vidiyo ija anapempha mlamu wake kuti ajambule.

"Bwanji, bambo? Sizinajambulike?"

"Zinajambulika," anatero a Mawailesi, n'kudula foni.

M'mawa mwake anavala jekete n'kukwera basi kupita m'tauni, ku situdiyo ina yojambula maukwati, pamwamba pa sitolo ya nsapato. Mwini wake anali bambo wa mimba yake, tcheni pakhosi, akudya mtedza uku akugwira ntchito. Anasomeka fulashiyo, n'kudumphadumpha: pachiyambi, chapakati, kumapeto. Paliponse pomwe anaponda panatuluka mawu a munthu mmodzi.

"Madala, muno muli inu nokha. Chomwe sichinalowe m'thumba simungachitulutse."

"Palibe makina ake?"

"Makina alipo, koma a zina. Mawu anuwa tingawachotse, n'kuika nyimbo yofatsa, mitambo, tinkhunda tikuuluka kumbuyo kwa amayi. Anthu amalira nazo bwino zimenezo. Kapena mundipezere mawu awo pang'ono pokha, kompyuta itengere, iwalankhulitse chilichonse mungafune. Ngakhale kuti amakukondani, madala, tingawanenetse."

"Akazi anga si chidole."

Bamboyo anadinanso penapake, n'kugwera pa nkhani ya mchere. Anaseka mpaka mtedza unamutuluka m'kamwa.

"Koma madala lilime lanu lili ndi tsabola. Mpongozi wakeyo atamva izi, mungadye kwa aneba."

A Mawailesi anazula fulashi yawo osatsanzika. Potsika masitepe ankatukwana chamumtima dziko lomwe munthu angakugulitse mawu a mkazi wako opangidwa ndi makina, n'kumayembekeza kuti uthokoze.

Masiku anapita. Ankatsegula kachipinda kawo m'mawa monga mwa nthawi zonse, kukhala pa mpando wachitsulo, kuyang'ana anthu akudutsa mitu ili m'mafoni. Ankayesa kuitana mawu a akazi awo m'mutu, ndipo poyamba ankabwera. Kenako anayamba kubwera ngati siteshoni yakutali, kumveka pang'ono n'kuzilala. Tsiku lina m'mawa, akumanga zingwe za nsapato, anafuna kukumbukira mmene mayi ankawaitanira kuti "Bambo a ana." Kodi mawuwo ankakwera kumapeto kapena ankatsika? Anayesa uku, anayesa uku. Zonse ziwiri zinamveka ngati za munthu wina. Anakhala pa bedi nsapato imodzi ili kumanja. Maliro aja anali a thupi. Awa tsopano anali achiwiri, ndipo panalibe wobwera kudzakhala nawo.

Anagogoda pa chipinda cha mpongozi, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anaika fulashi pa tebulo, pafupi ndi laputopu.

"Muione. Koma mawu angawo musamvere."

"Bambo, mawu sasakidwa ndi maso okha."

Mkuluyo anayang'ana bulangete la kukhoma, anayang'ana pansi. Akanatha kutola fulashi yawo n'kutuluka. Dzanja linapita ndithu, koma linakathera pa mpando wopanda chotsamira womwe unali pakona. Anaukoka n'kukhala kumbuyo kwa mtsikanayo.

Mpongozi anatsegula pulogalamu yake yodulira. Pamwamba panandandalikana tizithunzi ta nkhope ya mayi. Pansi pake panali mzere wautali wokhala ngati mano a macheka.

"Manowa ndi mawu," anatero. "Pomwe atalika ndi pomwe munakweza. Pomwe pali mzere wosalala ndi pomwe munakhala chete. Ngati mawu a mayi anadontha kuchokera m'mahedifoni, tiwapeza m'malo osalalawo."

A Mawailesi anayendetsa maso kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Malo osalala anali ochepa, ndiponso aafupi ngati mipata ya m'mano.

Mtsikanayo anatenga malo amodzi, n'kuwakweza mpaka pomwe pulogalamu inalekezera. Panamveka mpweya wa chipinda, wotchi ya pakhoma, ndi kupuma kwa mkulu wokonzekera kulankhulanso. Anatenga ena. Chimodzimodzi. Mahedifoni akale aja anali abwino zedi, sankataya kanthu.

"Ndiyenera kumvera yonse, kuyambira pachiyambi," anatero, n'kuika timahedifoni take m'makutu.

Tsopano m'chipindamo munali zii. A Mawailesi ankangoona msana wa mpongozi ndi nkhope ya akazi awo pa sikirini. Sankamva kanthu, koma ankadziwa pomwe nkhani yafika. Apa ndi denga. Apa ndi mapiritsi. Apa ndi lole. Kamzere koyenda kankadya mano a macheka aja pang'onopang'ono, kakulowera komwe iwo ankakudziwa. Anafuna kutsokomola, kugwetsa kanthu, kapena kuti magetsi azime monga amachitira nthawi zonse munthu akawafuna. Tsiku limenelo magetsi sanazime.

Mayi pa sikirini anatsinzina, n'kupukusa mutu.

Dzanja la mpongozi, lomwe linkasewera ndi cholembera, linaima. Sanatembenuke. Patapita kanthawi anaika cholemberacho pansi bwinobwino, ngati chingasweke, n'kupitiriza kumvera.

Anadutsa pomwe mkuluyo anazimitsira TV tsiku lija. Anadutsa pakati. Kenako anawerama, n'kubweza kamzere kaja m'mbuyo, kumveranso, kubwezanso. Anachotsa timahedifoni.

"Apa munadzuka, bambo."

M'kawindo ka pakona munali mpando wopanda munthu. A Mawailesi anakumbukira. Anali ataona mthunzi pansi pa chitseko, ndipo anadzambatuka mahedifoni ali kumutu, chingwe n'kuzuka m'laputopu. Anatsegula chitseko n'kupeza mpongozi ali ndi tsache, akusesa m'khonde la m'kati monga ankachitira m'mawa uliwonse.

"Chingwe chitazuka, mawu anabwerera pa sipika," anatero mtsikanayo, osawayang'ana. "Mverani."

Choyamba kutuluka chinali kukalipa kwawo, kochokera kukhomo koma kwamphamvu: "Mukusesa chiyani pamenepa? Fumbi lake lili pa chitseko pokha? Makutu ngati mbale za setilaiti!" Koma pansi pa phokosolo, ngati madzi oyenda pansi pa mlatho magalimoto akudutsa, panali kuseka. Kuseka kotopa, kothera m'chifuwa, koma kwa munthu mmodzi yekha pa dziko lonse.

"Tamvera, bambo ako ayamba," anatero mawuwo, akuuza mwana wawo yemwe sankaoneka. Kenako anakweza pang'ono. "Inu. Bambo a ana."

Ankatsika kumapeto. Mawuwo ankatsika.

"Msiyeni mwanayo. Ndikachoka ine, atsala nanu ndani? Si yemweyo?"

Kukalipa kuja kunapitirira pamwamba pake. Kenako m'kawindo muja munabwerera mkulu wa mahedifoni, akupuma mwaukali. Anatola chingwe, n'kuchisomekanso. Milomo ya mayi inapitiriza kuyenda yopanda mawu.

A Mawailesi anagwira m'mphepete mwa mpando ndi manja onse awiri.

"Bwezani," anatero.

Mpongozi anabweza. Anamveranso. Anati abwezenso, ndipo anabweza.

"Chotsanimo mawu angawo. Mutsale a mayi okha. Inu mumatha, ndinakuonani."

"Chifuwa chija chinali pachokha, bambo. Awa analowa nthawi imodzi, pa maikolofoni amodzi. Zili ngati shuga m'tiyi. Koma ndiyese."

Panali batani lina lochotsera phokoso. Analidina, kompyuta n'kuganiza kwa kanthawi. Atayatsanso, mawu a a Mawailesi anatuluka oyera, akuthwa, ngati a muulutsi wa pa wailesi. Kuseka kuja kunalibe. "Bambo a ana" kunalibe.

"Mwawapha!"

"Sindinawaphe. Pulogalamuyi imatenga mawu okwera kuti ndiwo mawu. Otsikawo ikuwayesa phokoso." Anadina pena, ndipo mayi anabwerera pansi pa kukalipa kuja. Anayesa njira ina, kutsitsa mawu okhuthala n'kusiya opyapyala. Mayi anamveka ngati akulankhulira m'chitini, ndipo mkuluyo anati asiye, ameneyo si iwo.

Mtsikanayo anakulitsa mano a macheka aja mpaka lililonse linaoneka palokha. Analoza kampata kakang'ono.

"Apa pokha ndi pomwe munapumira. 'Bambo a ana' anagwera pamenepa, ali oyera. Ndingakudulireni amenewa, muzimva okhawo. Zinazo n'kutaya."

A Mawailesi anayang'ana kampatako. Anali atamva chomwe chinawapumitsa pamenepo. Chinali kamawu ka mpongozi kochokera kukhomo, kotsika kuposa ka mayi, kakuti "Pepani, bambo." Akanatha kutenga mawu atatu oyerawo n'kumagona nawo bwino. Koma kuseka kuja kukanapita, ndi funso lija, ndi kupuma kwa mayi pakati pa mawu.

"Musadule," anatero. "Kuyambira pomwe chingwe chinazuka mpaka pomwe ndinachibwezera. Chomwecho. Ndipo ndikufuna pa kaseti. Za m'kompyutazi zimasowa popanda wozigwira."

Anapita kukachipinda kwawo n'kubwera ndi makina a kaseti omwe anali amoyo, waya wolumikizira, ndi kaseti yatsopano yomwe inakhala zaka ili m'pepala lake. Anapukuta mutu wa makinawo ndi kathonje. Analumikiza. Iwo anagwira batani lawo, mpongozi lake, n'kuyang'anana kuti adine pamodzi. Ulendo woyamba mkuluyo anachedwa ndipo kuseka kunadukako. Anabweza tepi, n'kuyambiranso. Wachiwiri zinatheka.

Akukulunga waya, anakonza kukhosi.

"Apongozi. Zija mwamvazi. Pakamwa pa munthu wokalamba pali ngati chitseko chakugwa mahinjesi."

"Zambiri ndinazimva tsiku lomwelo, bambo. Mahedifoni amatseka makutu, satseka pakamwa. Za mchere ndinazimva ndili kukhitchini." Anatseka laputopu. "Za chitsa zokha ndiye munatsitsa mawu. Ndazimva lero."

Mkuluyo anapitiriza kukulunga waya womwe unali utakulungika kale.

"Mukukumbuka masiku aja mayi ankati tikupita kukasankha nsalu za makatani, n'kukagona komweko? Makatani ake munawaonapo?" Mawu a mpongozi anali ofatsa, omwe aja ankanenera kuti dinani apa. "Kunali kuchipatala. Ndinkapita padera. Mayi ndiwo ankandigwira dzanja, n'kundiuza kuti bambo asadziwe, angadandaule."

Anaimirira, n'kukankhira mpando pansi pa tebulo.

"Nthawi ya mapiritsi yakwana. Ndikuikireni madzi."

Masiku otsatira chakudya chinkabwera pa nthawi yake, mchere uli wokwanira bwino. Moni ankaperekedwa ndi ulemu wonse. A Mawailesi kangapo anaima pakati pa khonde ndi mawu ali pa lilime, koma munthu yemwe wakhala moyo wonse akunola lilime mbali imodzi sadziwa kuligwira mbali inayo. Tsiku lina anagula mabanzi n'kuwasiya pa tebulo la kukhitchini osanena kanthu. Madzulo anawapeza pa mbale, pafupi ndi tiyi wawo.

Loweruka mpongozi anabwera kukachipinda kuja atavala zapaulendo.

"Bambo, ndikupita kwa achemwali anga ndikapumeko. Mwana wanu ndamuuza. Mapiritsi a m'mawa ali m'botolo la chivundikiro chofiira, a madzulo m'loyera. Mayi a pa nyumba yachiwiriyo ndawapempha kuti azikuonani."

"Mubwera liti?"

"Ndidzaimba."

Anamuyang'ana akutsika ndi msewu, chikwama cha laputopu kumsana, china m'manja. Atakhota, analowa m'nyumba n'kukankha chitseko cha chipinda chake. Bedi linali loyalidwa. Tebulo linali lopukutidwa. Kukhoma kunatsala misomali yokha. Munthu wopita kukapuma masiku ochepa sazula bulangete kukhoma. Anati atsokomole, chifuwa chawo chinawabwerera kuchokera ku makoma onse.

Tsopano anthu odutsa mumsewu umenewo masana amamva mawu akutuluka m'kachipinda ka mawailesi akufa, ndipo ena amati mkulu uja wakonza imodzi pomaliza. Akatchera khutu amamva bambo akukalipira munthu za tsache, ndiye amafulumiza miyendo. Sadziwa kuti pansi pake pali china.

A Mawailesi amadziwa bwino kuti tepi imadyeka. Ulendo uliwonse ikadutsa pa mutu wa makina imasiyapo kafumbi kofiirira, ndipo mawu otsika ndiwo amayamba kupita, okwera n'kutsala. Fulashi ilipo m'thumba la malaya, koma wodziwa pomwe chingwe chinazukira, wodina batani linalo, palibe. Ndiye amadziletsa. Amati amvera kamodzi m'mawa basi. Dzuwa likafika pamutu amapezeka abweza tepi.

Kuseka kumabwera. "Bambo a ana," mawu n'kutsika kumapeto. Mkuluyo amatseka pakamwa ndi dzanja, ngati angathe kumuletsa wa m'kasetiyo.

"Ndikachoka ine, atsala nanu ndani?"

Foni yawo yaing'ono ya mabatani, yomwe kale inkagona m'dirowa, masiku ano imakhala pa tebulo pafupi ndi makina a kaseti, yodzaza moto. Geti, lomwe ankalikhoma ndi maloko awiri ngakhale masana, amangolitseka ndi kamwala. Nthawi zina kuseri kwa mpanda kumamveka tsache, ndipo amaimitsa tepi, n'kutembenuza mutu. Amakhala mayi a pa nyumba yachiwiri aja, akusesa pakhomo pawo.